Sanawamenyepo ngakhale tsiku limodzi, ndiye kuti si nkhanza?

Amake Chisomo, Chawama:

Abale ndithandizeni nzeru chifukwa chichokereni pa Sondo mutu wanga sukugwira. Ndili ndi akulu anga, bere limodzi, amagulitsa tomato ndi anyezi ku msika wa Soweto ku Lusaka kuno, amadzuka 4 koloko kukadikira malole a alimi. Ali pabanja zaka 11, ana atatu. Alamu angawo kumenya ayi, ndisawanamizire, sanakwezepo dzanja ngakhale tsiku limodzi. Koma zomwe amachita ndi izi. Madzulo aliwonse akulu anga akafika ayenera kukhuthula kachikwama pa tebulo, alamu awerenge, iwo ndi amene amapatula ya oda ya mawa ndi ya basi, yotsala yonse m'thumba mwawo. Ya chilimba yomwe analandira mu Epulo, K4,000, inapita yonse, kufunsa ati iwe ndiwe mkazi wanga ndalama yako ndi yanga. Mafoni aphwanya awiri chifukwa chopezamo nambala ya mnyamata wa wilibala amene amawanyamulira mabokosi pamsika. Kutukwana ndiye musanene, pamaso pa ana, mpaka kamtsikana ka giredi 5 kanafunsa amake kuti hule ndi chiyani. Mwezi watha kunali maliro a azakhali athu ku Katete, anawakaniza, anakhoma chitseko ndi loko kunja nkupita ndi kiyi kuntchito, munthu wamkulu kukhala m'nyumba tsiku lonse ndi chidebe. Ndiye pali chikwanje chomwe chimakhala pansi pa bedi, akakwiya amangochitulutsa nkukhala pakhonde kumanola, osalankhula kanthu, akamaliza nkuchibwezera.

Pa Sondo tinakhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Akulu anga atangoti ndatopa nazo nkhanza, amalume a mwamunayo anaseka ati nkhanza zake ziti mayi? tionetseni bala. Anakumenyani? simukudya? ana sakupita kusukulu? Amalume athu enieni nawonso anangoweramitsa mutu ati banja ndi kupirira mwana wanga. Akulu anga anangoti zii, misozi chabe. Ine ndinafuna kuyankha koma mawu anandithera chifukwa zoona bala palibe.

Ndiye funso langa ndi ili, mawu oti nkhanza amatanthauza chiyani kwenikweni, pa chinyanja chathuchi komanso pa malamulo a Zambia? Pa wailesi timangomva GBV GBV, ati gender-based violence, koma violence ijayi si kumenya kodi? Akati apite ku polisi opanda bala sakawabweza kuti kakambiraneni kunyumba? Amene mukudziwa chonde, sindikufuna kuwatuma ulendo woti akachite nawo manyazi kawiri.

Womasulira wakale, Matero:

Amake Chisomo pepani kwambiri, nkhani ya chikwanje ija yandiimitsa mtima. Ine si loya, ndinene poyera, koma ndinagwira zaka zambiri ntchito yomasulira mawu kukhoti, chizungu kupita chinyanja, chinyanja kupita chizungu, ndiye funso lanuli ndi lomwe ndinkalimbana nalo m'mawa uliwonse.

Vuto loyamba lili apa. Malamulo athu analembedwa m'chizungu ndipo chizungu cha malamulo chimaduladula zinthu tizidutswa, assault payekha, abuse payekha, violence, threat, harm, chilichonse ndi muyeso wake ndi zaka zake. Ife tili ndi mawu athu omwe sagwera mofanana ndi tizidutswa timeneto. Chiwawa kwa ife ndi chapagulu, miyala, phokoso, anyamata a chipani kuthamangitsana pa siteshoni. Ndewu ndi ya anthu awiri ndipo ukangoti inali ndewu wagawa kale mlandu pakati, aliyense ali ndi mbali yake. Kumenya ndi dzanja kapena ndodo kufika pathupi. Koma nkhanza ndi ina, nkhanza imaloza mtima wa munthu ndi mphamvu zomwe ali nazo pa mnzake. Mayi wopeza amene amamana mwana nsima timati ndi wankhanza chonsecho sanamukhudze. Landilodi wozula chitseko nthawi ya mvula chifukwa cha lendi ya mwezi umodzi, wankhanza. Bwana wosunga malipiro a wantchito wa m'nyumba miyezi itatu, wankhanza. Ngakhale wosenzetsa ng'ombe ngolo yopitirira muyeso timamunena nkhanza. Ndiye amalume aja pofunsa bala anachita dala kupanikiza mawu, chifukwa iwo omwe atamva kuti mdzukulu wawo akumanidwa chakudya kwa mayi wopeza sangafunse bala.

Tsono ku malamulo. Kuli nyumba ziwiri, musazisokoneze. Yoyamba ndi Penal Code, Chapter 87, lamulo lakale lomwe muli milandu ndi zilango zake. Mmenemo common assault ili pa section 247, chaka chimodzi. Kumenya mpaka kuvulaza, 248, mpaka zaka 5. Kuvulaza koopsa koika moyo pachiswe kapena kolemaza munthu, 229, mpaka zaka 14. Koma imvani izi, assault ija ife omasulira timathamangira kunena kuti kumenya pomwe pa lamulo munthu akakusamulira chibakera kapena mpeni pafupi, iwe nkuona kuti chikundigwera tsopano lino, ndi assault kale ngakhale sichinafike. Ndaonapo kangapo munthu m'bokosi akulumbira ndi mtima wonse kuti bwana sindinamumenye, ndipo akunena zoona, koma mlandu womwe akuyankha si umene ine ndamumasulira. Zinkandisowetsa tulo zimenezo. Palinso section 90, threatening violence, kuopseza munthu kuti umuvulaza iye kapena katundu wake ndi cholinga choti achite mantha, mpaka zaka 5. Mafoni ophwanyidwa aja nawo ndi mlandu pawokha, kuononga katundu mwadala, section 335. Kukhomera munthu wamkulu m'nyumba iye asakufuna ndi mlandunso. Ndiye onani, tisanafike nkomwe ku GBV alamu anu akhudza kale zingapo.

Nyumba yachiwiri ndi Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011. Ine nditaliwerenga koyamba ndinati aa, awa alemba nkhanza yathu ija m'chizungu. Limanena kuti GBV si ya pathupi yokha, muli kuzunza maganizo, muli kuzunza pa chuma, muli za kugonana mokakamiza. Pa chuma likutchula kumana munthu ndalama kapena zinthu zomwe ayenera kukhala nazo popanda chifukwa chomveka, kumuletsa kugwira ntchito kapena kuchita bizinesi, kumuonongera katundu dala. Pa maganizo likutchula chizolowezi chonyoza, kutukwana, kutchula maina oipa, kuopseza, ndi nsanje yopitirira yomwe imalanda munthu ufulu wake. Muli kulondalonda munthu, muli kulanda katundu wa amasiye, kulowa kufa mokakamiza, kukwatiwitsa ana. Mawu oti bala mulibemo ngati chiphaso cholowera.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili myaa. Lamulo la 2011 lija silinabwere ndi mndandanda wake wa zilango pa chilichonse lomwe latchula, limanena kuti milandu iziweruzidwa motsata Penal Code ndi malamulo ena omwe alipo kale. Ndiye wapolisi akafuna kutsegula doketi amafufuza section mu Penal Code, ndipo kukhuthulitsa chikwama pa tebulo madzulo aliwonse kumavuta kukupezera section, pamenepa mpomwe anthu ambiri amabwezedwa. Chomwe lamuloli linabweretsa champhamvu ndi protection order, chikalata cha khoti la majisitireti choletsa munthu kuchita zakutizakuti kapena kuyandikira, ndi occupation order yomwe ingamutulutse m'nyumba iyeyo osati mkazi ndi ana. Akaphwanya chikalatacho ndiye mlandu woti apite nawo kundende. Ndipo pofunsira chikalata chimenechi sipafunika kudikira kuti magazi atuluke. Ku Lusaka kuno khoti lofulumiza milandu ya GBV linatsegulidwa mu 2016, litayamba la ku Kabwe chaka chomwecho.

Akulu anu akapita ku polisi asakaime pa kauntala ya aliyense, akafunse Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo asakayambe ndi mawu oti tinayambana kapena sitikumvana m'nyumba chifukwa akatero awatumiza kwa ankhoswe kapena ku local court. Akanene zochitika, tsiku lakuti ananditsekera, tsiku lakuti anatulutsa chikwanje, foni iyi anaphwanya, neba wakuti anaona. Khoti silimva mawu oti munthuyu ndi wankhanza, limafuna anachita chiyani, liti, anaona ndani. Ife timaweruza mtima, iwo amawerenga zochita, ndiye muwathandize kusandutsa nkhanzayo kukhala masiku ndi zinthu zogwirika.

Agogo a Dalitso, Kaunda Square:

Mwana wanga Amake Chisomo, ndayamba ndi kunena kuti zomwe akuchita mkamwini ameneyo ndi nkhanza, pa chinyanja cha kwathu ku Chadiza palibe dzina lina. Ndikunena ine wazaka 71 amene ena pano anganditche wachikale.

Koma a Womasulira ndiloleni ndiikepo nkhawa yanga. Ndinaphunzitsa ku pulaimale zaka zoposa 30 ndipo ndinakwapula ana, sindibisa. Masiku amenewo tinkasiyanitsa kulanga ndi nkhanza. Kulanga kunali ndi chifukwa chodziwika kwa mwanayo, kunali ndi muyeso, zikoti ziwiri kapena zitatu, ndipo ukatha mtima unkakhala pansi. Nkhanza inali ya mphunzitsi womenya chifukwa wakwiyira mkazi wake kunyumba, womenya kumutu, wosankha mwana mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku. Makolo ankadziwa kusiyana kwake ndipo ankabwera kudzafunsa. Lero lamulo linafafaniza mzere umenewo. Khoti lalikulu linathetsa zikoti ngati chilango cha khoti mu 1999, lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kusukulu, ndipo Children's Code Act ya 2022 yaletsa kulanga mwana pomumenya, kaya ndi kusukulu kaya ndi kunyumba. Ndikumvera lamulo, adzukulu anga sindiwakhudza. Koma mantha anga ndi oti tikatcha chilichonse nkhanza, kukalipira mwana nkhanza, kumuuza mkazi kuti ndiwo zachepa mchere nkhanza, mawuwa adzapepuka, ndiye tsiku lomwe mayi ngati uyu adzalire kuti nkhanza anthu adzangoti aa ndi zija za pa wailesi. Mwina ndi zomwe zinachitika pa Sondo paja.

Komanso ndikakhala pansi usiku ndimadzifunsa, ana aja ndinkati ndikuwalanga mwa muyeso, muyesowo ankaika ndani? Ndinkaika ndine wogwira ndodo. Kuli mnyamata wina, tsopano ndi bambo wa imvi, tinakumana pa maliro ku Chingwere, anandipatsa moni mwaulemu koma anandikumbutsa tsiku lomwe ndinamukwapula chifukwa chochedwa pomwe anachedwa kaamba kotunga madzi a amake odwala. Zaka 40 zapita akukumbukirabe. Ine ndinali nditaiwala. Ndiye kaya, mwina woyenera kutchula dzina la chinthucho ndi amene chinamugwera.

China chomwe ndifuna achinyamata mudziwe, musamati mwambo wathu umalola zimenezi. Kwathu kwa Achewa mwamuna ankapita chikamwini, kukakhala pamudzi pa mkazi, pakati pa alongo ake a mkaziyo ndi amalume ake. Ukanola chikwanje pakhonde kuti uopseze mwana wa eni mudzi, dzuwa lisanalowe akumangira mphasa yako. Nkhokwe inali ya mbumba, sunkangotapamo. Ankhoswe ntchito yawo inali kuteteza, osati kuphimba. Zomwe zachitika mtauni muno nzoti tasunga mawu a mwambo, kupirira, za m'nyumba saulula, koma mpanda womwe unkateteza mkazi tinausiya kumudzi. Mkazi ali yekha m'nyumba ya lendi mkomboni, abale ake ali kutali makilomita 500, ndiye mukumuuza apirire ngati kuti alongo ake ali kuseri kwa nyumba. Amalume anuwo ndikanakhala nawo pafupi ndikanawafunsa kuti unkhoswe wawo ndi wa chiyani.

NaBanda, Chilenje:

Ine ndine nesi ndipo ndinatulukamo m'banja lotere zaka 6 zapitazo ndiye ndilankhula mbali zonse ziwiri. Agogo zikomo, mawu anu a mpanda aja ndalira nawo.

Amake Chisomo nkhani ya bala imandipweteka chifukwa pepala lomwe timadzaza kuchipatala, medical report ija apolisi amapereka, limafuna zooneka, kutupa pati, kuchekeka masentimita angati, dzino lachoka kapena ayi. Mayi amene sagona miyezi itatu, BP ili mmwamba, waonda, akangomva geti kulira mtima uli phaphapha, pa fomu paja ulembapo chiyani? Timawaona tsiku lililonse akubwera ndi mutu, ndi chilonda cha m'mimba, timawapatsa panado nkumapita. Mwamuna wanga wakale nayenso anayamba osamenya, zaka zinayi zoyamba kunali kulanda khadi ya kubanki, kundiwerengera mphindi kuchokera kuntchito kufika kunyumba, kunditchula zinthu pamaso pa anzake. Nditapita ku polisi ina koyamba wapolisi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ati amayi mwavala bwino chonchi mukuti mukuzunzidwa? Ndinabwerera. Chaka chotsatira ndinapitanso ndi nthiti ziwiri zothyoka ndiye anandilandira msangamsanga. Ndiye musadikire kuti akulu anu akhale ndi umboni womwe amalume aja akufuna, umboni umenewo ena amaupereka ali m'bokosi. Munthu wonola chikwanje uja akulankhula, akungosankha kusagwiritsa pakamwa.

Ndipo tisamangoloza amuna, ife azimayi tomwe mawuwa timawapeputsa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti azimayi 46 pa 100 alionse anavomera kuti mwamuna ali ndi chifukwa chomenyera mkazi pa zinthu ngati kupsereza ndiwo, kutsutsana naye, kuchoka osatsanzika, kusasamala ana kapena kukana kuchipinda. Amuna ovomera anali ochepa kuposa ife. Tangoganizani. Ku chilangizo tinauzidwa kuti mwamuna ndi mwana, mwamuna akakumenya usathawire kwa aneba, ena mpaka amati kumenya ndi mankhwala a banja. Tamverani mmene timakambira, anamuphunzitsako, anamupatsa mwambo, anangomukhudza pang'ono, anakangana. Choipitsitsa ndi pa ana, bambo wamkulu wagona ndi mwana wa zaka 13 ife timati anamulakwira, anamuononga, ndiye poti chaonongeka chimalipiridwa, mabanja akhala pansi agwirizana ng'ombe kapena ndalama ya damage nkhani yatha. Pomwe pa lamulo mwana wosafika zaka 16 ndi defilement, section 138, zaka zosachepera 15 kundende, ndipo si nkhani ya ankhoswe kapena local court. Mwana amabwera kwa ife mimba ili miyezi 6, masiku omwe tikanamupatsa mankhwala oteteza HIV, maola 72 aja, anapita kalekale anthu akukambirana za ng'ombe.

Zoti muchite sabata ino. Mapepala ofunika, NRC yawo (chitupa cha boma), makadi a ana a kuchipatala, mapepala a sukulu, atulutseni mwakachetechete akhale kwa inu. Ndalama pang'ono azisiya kwa mnzawo wodalirika pamsika kapena pa mobile money ya nambala yomwe alamu sakuidziwa. Mafoni ophwanyika aja asataye. Imbani 933 ndi yaulere, ya ana ndi 116. A YWCA ali ndi malo obisalako azimayi, a National Legal Aid Clinic for Women amathandiza kulemba mapepala a khoti kwa amene alibe ya loya. Ndipo tsiku lomwe aganiza zochoka asalengeze, nthawi yochoka ndi imene imakhala yoopsa kuposa zonse, achoke iye ali kuntchito ndipo pakhale mwamuna wachibale pafupi.

Kamnyamata ka pa Kanyama:

Ine nifunseko chabe ba Womasulira, manje ngati mawu okha angakhale violence, nanga zija timatukwanana pa Facebook na pa magulu a WhatsApp nthawi ya mavoti, wina kulemba kuti a mtundu wakuti ni mbuzi tizakuonani, nayonso ni violence? Chifukwa ine nimagwira ntchito ya ukondakitala ndipo chiwawa nachiona na maso, makada kutilanda ndalama pa siteshoni, mnzanga anamutema na botolo. Kuyika kutukwana pa mulingo umodzi na zimenezo kwa ine sizimveka. Koma ya chikwanje yeve ni yoopsa amayi, achokepo.

Womasulira wakale, Matero:

Mphwanga wafunsa bwino ndipo yankho ndi loti lamulo nalonso siliika pa mulingo umodzi. Mawu omwewo oti violence amasintha kukula malinga ndi lamulo lomwe watsegula. Pa kuba, munthu akakusolola foni m'thumba mu minibasi ndi theft, akakukanyanga pakhosi kapena kukuopseza kuti akubaya kuti aitenge yasanduka robbery, akakhala ndi chida kapena ali gulu ndi aggravated robbery, section 294, zaka zosachepera 15. Pamenepo violence ndi mphamvu ya pathupi kapena kuopseza nayo, basi, kutukwana sikulowamo. Kutukwana wamba kuli ndi kasection kake, 179, chilango chake miyezi itatu kapena faindi, ndipo ambiri amangokasumirana ku local court nkulipirana. Kunyoza mtundu wa anthu kuti ena awade ndi mlandu wina wokulirapo. Kumutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act, ndipo amene anaona nkhalamba ikugendedwa mkomboni chifukwa cha liwu limodzi limenelo akudziwa chifukwa chake.

Tsono kusiyana kwa iwe wotukwanidwa ndi munthu wosamudziwa pa Facebook ndi mayi uyu nkoti iwe ukhoza kuzimitsa foni nkugona. Iye womutukwanayo ndi yemwe wasunga kiyi, ndalama ndi chikwanje, ndipo agona naye chipinda chimodzi. Nchifukwa chake lamulo la 2011 pa nkhani ya mawu limayang'ana chizolowezi ndi ubale wa anthuwo. Agogo, nkhawa yanu ya mchere wochepa ija iyankhidwa pomwepa, kudandaula ndiwo kamodzi palibe khoti lingakumvereni, koma kumuchotsa munthu umunthu tsiku ndi tsiku mpaka aziopa kulira kwa geti ndi chinthu china.

Amake Chisomo, Chawama:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Dzulo ndinapita ku Soweto ngati wogula, tinakhala kuseri kwa mabokosi ndikuwawerengera pa foni yanga. Pomwe a Womasulira analemba za mayi wopeza womana mwana nsima akulu anga anandigwira dzanja ati bwereza pamenepo. Kenaka anandiuza zina zomwe sanatchule pa ankhoswe paja chifukwa panali amuna, za kuchipinda, sindilemba pano koma aNaBanda mukudziwa.

Sananene kuti achoka, ndisaname. Akuti ana ali pakati pa temu, akuti nanga akamangidwa lendi alipira ndani, akuti anthu a kutchalitchi adzati chiyani. Sindinawakakamize. Koma avomera zinthu ziwiri, mapepala a ana ndi NRC ali kwanga tsopano, ndipo tagula kabuku ka K5 komwe kazikhala pa tebulo la mnzawo wogulitsa kapenta, tayamba kulemba masiku kuyambira la loko lija chifukwa limenelo aneba awiri anaona ndipo mmodzi ndi amene anawapatsira madzi pawindo. Lachinayi sagulitsa kwambiri ndiye tagwirizana kuti tipite limodzi ku Victim Support, ine ndikapempha theka la tsiku kuntchito.

Agogo a Dalitso ndili ndi pempho. Amalume athu amamva akuluakulu anzawo, ife akatiwona amangoti ana a mtauni. Mungalole ndikupatseni nambala yawo ku inbox muwaimbire, muwauze za chikamwini zija mmene mwanenera pano? Kwawo ndi ku Katete konko, chinyanja chanu adzachimva. Ndipo a Womasulira, protection order ija pofunsira pamafunika ndalama zingati, ndipo munthu angafunsire akukhalabe m'nyumba imodzi ndi mwamunayo kapena mpaka atachoka kaye?